Phewa lasiya kupweteka, kodi ndibwerere ku zitsulo?

Madalitso: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene munadutsamo. Anandichita opaleshoni ya phewa la kumanja, kusoka mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa umene unang'ambika, wa mnofu uja madokotala amautcha supraspinatus. Pano ndili m'sabata ya 7. Sling, lamba wopachikira mkono uja, anandilola kuvula, ndipo ululu unatha, kupatula usiku ndikagonera mbali yomweyo. Koma adokotala akuti ndisanyamule chilichonse cholemera kuposa kapu ya madzi mpaka masabata 12 akwane. Ine ndakhala ndikunyamula zitsulo kwa zaka zambiri, ndipo ndikauyang'ana mkono uwu mtima ukundiwawa, waphweratu. Funso langa ndi ili: ngati phewa silikupweteka, chikundiletsa n'chiyani kuyamba ndi tizitsulo ta makilogalamu 3 kapena 5? Si kuti ndikuderera adokotala ayi, ndikungofuna kumvetsa.

Gift: Achimwene, thupi ndi lanu, lizikuuzani lokha. Inenso anandichita ya phewa, mwezi utangotha ndinali nditayamba kale ma push-up, mpaka lero ndili bwinobwino. Madokotala amangochulutsa masabata kuti zikavuta asanenedwe. Ngati sipakupweteka yambani pang'onopang'ono.

Thoko (wa fizo): A Gift, ndifunse kaye. Pa opaleshoni yanuyo anasoka chinachake, kapena anangopala?

Gift: Sanasoke achemwali. Anaboola timabowo, n'kulowetsa kakamera, n'kupala fupa limene linkakhula mtsempha ndikakweza mkono.

Thoko (wa fizo): Ndiye nkhani yagona pamenepo. Kunja zipsera zanu ndi za a Madalitso zikhoza kufanana, timabala ting'onoting'ono titatu kapena tinayi, koma m'kati munachitika ntchito ziwiri zosiyana. Kwa inu munalibe chosokedwa choti n'kuthothoka, n'chifukwa chake anakumasulani msanga. Kwa a Madalitso mtsempha unachoka pa fupa, ndipo adokotala anakhoma tizikhomo m'mutu wa fupa la mkono n'kumangirirapo mtsemphawo ndi ulusi.

A Madalitso, ulusi umenewo si umene ukupoletseni. Ntchito yake ndi kungogwirizira mtsempha pamalo, kuti thupi lipeze mpata woumeretsa pa fupa. Zili ngati kumezanitsa mtengo: chomangira chija chimagwira nthambi, masamba n'kumaoneka obiriwira bwino, koma mukaikoka isanagwirane ndi tsinde imazuka. Kuti mtsempha ugwirane ndi fupa pamatenga pafupifupi masabata 12, ndipo ngakhale pamenepo pamakhala pasanakhwime, pamapitiriza kulimba kwa miyezi ingapo.

Ululu umatha msanga chifukwa wambiri umachokera ku kutupa ndi mabala a opaleshoni. Kutupa kukaphwa, munthu amadziona ngati wachira. Ine nyengo imene ndimaopa kwambiri kwa anthu amene ndimawathandiza si sabata yoyamba, pamene munthu amaopa ngakhale kuyetsemula. Ndimaopa kuyambira sabata ya 6 kufika ya 12, pamene sling yavulidwa, ululu wapita, koma mtsempha ukadali wanthete. Apa m'pamene munthu amatola chikwama mosaganiza, kapena kuwakha chinthu chikugwa.

Madalitso: Ndamva achemwali, zikomo. Koma makilogalamu 3 okha? Mwana wa pulayimale amanyamula zoposa pamenepo.

Thoko (wa fizo): Vuto si makilogalamu amene ali m'dzanja, koma kutalika kwa mkono. Chitsulo chili kumapeto kwenikweni kwa mkono, pomwe mtsempha umene ukukoka wagwira pafupi kwambiri ndi polumikizira mafupa. Ndiye mukatambasula mkono muli ndi makilogalamu 3, mphamvu imene ikukoka pa ulusi paja imachuluka kangapo kuposa atatuwo. Ndiponso mkono pawokha umalemera. N'chifukwa chake masabata oyamba sanakuloleni kuukweza nokha, amaukweza ndi wa fizo kapena dzanja lanu linalo.

Komanso mudziwe kuti mutu wa fupa la mkono umakhala pa kamphako kosazama. Chimene chimaugwira kuti usaterereke ndi minofu inayi: supraspinatus pamwamba, infraspinatus ndi teres minor kumbuyo, subscapularis kutsogolo. Chilichonse chimene mungachite ndi mkono, ngakhale kupinda chigongono muli ndi chitsulo m'dzanja, minofu imeneyi imakungika kuti phewa likhazikike. Palibe masewera a mkono amene phewa limangoonerera.

Gift: Chabwino, za kusiyana kwa maopaleshoni ndavomera. Koma pali china chimene sindikuchimvetsa. Mnzanga wina anamusoka mtsempha ngati a Madalitso, anamuvula sling pa masabata 4. Wina anakhala nayo 6. Ngati madokotalawo sakugwirizana okhaokha, ife timvere uti? Ndipo kungoukhazika mkono nakonso kumaumitsa phewa, zimenezo musakane.

Thoko (wa fizo): Sindikukana a Gift, mwanena zoona. Ndondomeko zimasiyanadi, ndipo nkhani yoti munthu ayambe liti kugwedeza phewa akatswiri amatsutsanabe. Ukayamba msanga phewa limamasuka msanga, koma ngati pong'ambika panali pakulu ukhoza kusokoneza posokapo. Ukachedwa posokapo pamatetezeka, koma phewa limauma. Chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake ndi kukula kwa pong'ambika, zaka zake, ndi mmene mtsemphawo unalili pousoka, chifukwa wina umakhala wolimba, wina wofumbwa. Zimenezi anaziona ndi maso ndi munthu mmodzi yekha, amene anachita opaleshoniyo. Ndiye mumvere ameneyo. Ine ndemwe sindiyamba kugwira munthu ndisanawerenge zimene adokotala analemba.

Koma onani kuti mkangano wawo ndi wa nthawi yoyamba kugwedeza mkono, osati yoyamba kunyamula zolemera. Pa zolemera ambiri amadikira cha m'ma sabata 12.

Agogo a Pemphero: Ana anga, ndiloleni ndiyikepo mawu, poti a Gift akhudza za kuuma. Ine ndili ndi zaka zoposa 60 ndipo ndimadwala shuga. Nditachitidwa opaleshoni ngati yomweyi, mtsempha unapola bwino, koma phewa linauma gwa. Kupesa tsitsi, kulowetsa dzanja m'thumba la kumbuyo, zonse zinkakanika. Adokotala anandifotokozera kuti ife a shuga phewa limatiuma kawirikawiri kuposa anzathu, ndipo shuga akakwera mabala nawonso amachedwa kupola. Choncho amene muli ndi matendawa, kusamala shuga ndi mbali ya kuchiza phewalo.

Chimene chinandimasula ndi timasewera tonyozeka tija. Kuwerama, dzanja labwino litagwira tebulo, mkono wodwalawo n'kuulekerera kuti ulendewere, ndiye n'kumagwedeza thupi kuti uzizungulira wokha. Kenako kutsetsereka ndi kansalu pa tebulo, kukwera khoma ndi zala, kugona chagada n'kumakankha mkono ndi ndodo. Zimatopetsa chifukwa sutuluka thukuta, suona ngati wagwira ntchito. Koma ndinkachita kangapo pa tsiku, tsiku lililonse, ndipo patapita miyezi mkono unafika pamwamba. A Madalitso, inu mukulakalaka zitsulo, koma jimu yanu panopa ndi imeneyi. Muilemekeze ngati mmene munkalemekezera ija.

Thoko (wa fizo): Zikomo agogo. Olendewetsa mkono aja amatchedwa masewera a Codman, dzina la Ernest Codman, dokotala wa ku Boston amene anawafotokoza mu 1934. Ndi akale choncho koma tikuwagwiritsabe ntchito. Chofunika n'chakuti mkono ukhale wolefuka, chikuugwedeza chikhale thupi. Anthu amphamvu ngati a Madalitso m'pamene amalakwitsa, amauzunguza ndi minofu ya phewa.

Mayi a Tadala: Ine ndikufuna ndilankhulepo za mumtima, chifukwa ndawerenga mawu a a Madalitso akuti mtima ukuwawa ndipo ndawamvetsa. Ine ndimasambira, ndipo madzi ndiwo ankandipumitsa maganizo. Atandiletsa, sikunali kuchepa kwa minofu kokha kumene kunkandivuta. Ndinataya malo amene ndinkapumirako, anzanga amene tinkakumana m'mamawa, ngakhale tulo. Anthu amangoti pirirani, koma sadziwa kuti kwa munthu wozolowera masewera kukhala chabe ndi matenda enanso. Ndiye achimwene, musadzione ngati ndinu wopupuluma. Kulakalakako n'kwabwino, kungofunika kukupezera kolowera.

Za usikuzo, yesani kugona chotsamira, mapilo angapo kumsana, ndi kapilo kena pansi pa chigongono kuti mkono usagwere kumbuyo. Mukafuna kugona chammbali gonerani mbali yabwinoyo, mutakumbatira pilo. Kugonera phewa lodwala kumatenga nthawi, kwa ine kunali komaliza kubwerera, pambuyo pa kusambira komwe.

Madalitso: Amayi, mwandigwira mtima. N'zoonadi, chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi kukhala pakhomo madzulo nthawi imene ndinkakhala ku jimu. Ndiye ndifunse motere: kupita ku jimu osakhudza phewa, zingatheke?

Yamikani: Zimatheka akulu, ine ndinkapita. Njinga yosayenda ija, leg press (makina okankha ndi miyendo), makina opinda ndi kuwongola mawondo, ma squat (kunjuta n'kudzuka) opanda chitsulo, kukwera ndi kutsika pa benchi. Miyendo yanga sinalimbepo ngati nthawi imeneyo. Koma afunseni kaye adokotala anu, ndipo ma plate, zitsulo zolemetsera zija, musamakweze nokha pa makina, pemphani wina. Anthu ambiri savulala pochita masewerawo, amavulala pokonzekera.

Thoko (wa fizo): A Yamikani alondola, ndingowonjezerapo. Squat yoika chitsulo kumsana ayi, chifukwa kuti muchigwire mumafunika kutembenuzira mkono kunja ndi kumbuyo. Deadlift, kunyamula chitsulo kuchokera pansi, ayi, chifukwa kulemera konse kumakoka phewa. Pa leg press musakakamire zogwirira ndi dzanja lodwala pamene mukukankha. Kuthamanga panja kudikire mpaka akuloleni, chifukwa cha kugwedezeka komanso kugwa: munthu ukapunthwa dzanja limatsogola lokha osakufunsa.

Nkhani yabwino ndi iyi: mkono wamanzerewo muziulimbitsa. Zinapezeka kuti munthu akamalimbitsa mkono umodzi, winawo umene wangokhala sutaya mphamvu kwambiri, chifukwa mbali ina ya mphamvu ili mu ubongo ndi m'mitsempha yotumiza mauthenga, osati mu mnofu mokha. Muzichita mutakhala pansi, ndi zitsulo zoti simukuchita kudzikakamiza mpaka thupi lonse kukungika. Ndipo za kuphwa kwa mkono musade nazo nkhawa kwambiri. Mnofu umene unakulapo umabwerera mofulumira kuposa mmene unakulira poyamba. Mtsempha ukathothokanso ndiye vuto, chifukwa kusoka kachiwiri kumavuta ndipo sikugwira bwino ngati koyamba.

Gift: Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wathothoka? Poti mwati ululu si woudalira.

Thoko (wa fizo): Nthawi zina munthu amamva kuti thu! m'phewa, ululu wobaya, kenako mkono umene dzulo umakwera lero ukukanika. Zikatero pitani msanga. Koma nthawi zina umathothoka mwakachetechete, chizindikiro chokha n'chakuti mphamvu sizikubwerera ngakhale miyezi ikupita. Apo amaona ndi sikani, ya ultrasound kapena MRI.

Poti tafika pa zizindikiro, izi musadikire nazo tsiku limene anakupatsani lokaonana ndi adokotala: kutentha thupi, bala kufiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, dzanzi m'dzanja losatha, zala kuzizira kapena kusintha mtundu, katumba wa mwendo kutupa ndi kupweteka, kubanika kapena kupweteka pachifuwa. Zomalizazi zikhoza kukhala magazi oundana, ndipo zimafunika chipatala nthawi yomweyo.

Yamikani: Ndifotokozeko yanga, mwina ithandiza ena amene vuto lawo ndi kuguluka. Ine ndine goloboyi. Phewa linaguluka koyamba nditagwera mkono, kenako linazolowera, mpaka linkatuluka ngakhale ndikuvala malaya. Kugulukaguluka kuja kunadya m'mphepete mwa fupa, ndiye adokotala anati kungosoka kamlomo ka m'mphepete, opaleshoni ija amati ya Bankart, sikukwanira. Anandichita ya Latarjet. Amadula kafupa kotulukira kutsogolo kwa phewa pamodzi ndi mtsempha wake, n'kukakhomera ndi ma screw awiri pamene fupa linadyekapo. Dzinalo ndi la Michel Latarjet, dokotala wa ku France amene anaifotokoza mu 1954.

Kwa ine chodikira chinali choti fupa ligwirane ndi fupa, ndipo sanandilole zolimba mpaka atajambula n'kuona kuti lagwira. Koma chimene chinachedwa kwambiri ndi mantha. Mkono ukangofika pamalo paja ngati ukufuna kuponya mwala, m'mwamba ndi kumbuyo, thupi lonse linkazizira, chifukwa m'pamene linkagulukira. Wa fizo anandiyambitsa kuwakha mpira wopepuka nditagona, kenako nditagwada, kenako kugwera pa matiresi. Mphamvu zinalipo kale, koma ubongo unafunika kuphunzira kulikhulupiriranso phewa. Anandiyeza mphamvu kuyerekeza ndi mkono winawo asanandibwezere pagolo, ndipo panali patadutsa theka la chaka.

Mayi a Tadala: Za manthazo n'zoona achimwene. Inenso polowa m'madzi ndinayamba ndi miyendo yokha, kenako kupalasa mofupikitsa manja ali pansi pa madzi. Kuzunguza mkono pamwamba pa mutu kunabwera pambuyo, ndipo ndinkasambira pang'ono n'kupuma tsiku lotsatira kuti ndione mmene phewa layankhira.

Madalitso: Mwandilimbitsa mtima nonse. Tsono masabata 12 akakwana, zimayamba bwanji? Ndisaname, maganizo anga ali pa bench press, kukankha chitsulo utagona chagada pa benchi.

Thoko (wa fizo): Bench press ili kumapeto kwa mzere achimwene. Choyamba mkono uzikwera wokha mpaka pamwamba popanda kukweza phewa kufika kukhutu. Mukadziyang'ana pagalasi n'kuona phewa likunyamuka pamodzi ndi mkono, ndiye kuti minofu ya m'khosi ikugwira ntchito ya eni ake, ndipo kuwonjezera chitsulo pamenepo ndi kukhazikitsa chizolowezi choipa.

Kenako timayamba ndi kukankha khoma osasuntha mkono, ndiye malamba a mphira: chigongono chili m'nthiti, kansalu kopinda m'khwapa, kutembenuzira dzanja kunja ndi m'kati. Pamodzi ndi zimenezi timalimbitsa minofu yogwira fupa lophwatalala la kuseri kwa phewa, chifukwa phewa lonse limatsamira pamenepo. Zokoka, monga ma row, zimabwerera msanga kuposa zokankha. Zokankha zimayamba ndi push-up ya pakhoma, kenako pa tebulo, kenako pansi. Mukafika pa zitsulo, yambani mutagona pansi osati pa benchi, kuti pansipo paziimitsa zigongono zisapitirire kumbuyo. Gwiritsani ma dumbbell, zikhatho zitayang'anana, zigongono pafupi ndi thupi. Chitsulo chachitali chibwere pambuyo, manja osatalikirana kwambiri. Kwa ambiri zimenezi zimafika pakati pa miyezi 4 ndi 6, ndipo kuti mphamvu zonse zibwerere chaka chikhoza kukwana.

Pali ena amene ine ndimalangiza kuti angowasiya: kukankha kapena kukoka chitsulo kuseri kwa khosi, ma dip (kutsitsa ndi kukweza thupi utagwira zitsulo ziwiri) otsika kwambiri, ndi kukokera chitsulo kuchibwano zigongono zili m'mwamba. Zimene masewerawa amapereka mukhoza kuzipeza mwa njira ina yosapanikiza phewa.

Poyeza ngati mwapyola muyeso, onani mawa lake. Kuphwanya pang'ono kumene kwatha pofika tsiku lotsatira n'kovomerezeka. Ululu wobaya, kapena wokulepheretsani kugona, kapena wopitirira tsiku lathunthu, ndiye kuti mubwerere pambuyo pang'ono. Ndipo musamwe mankhwala opha ululu n'cholinga choti mukathe kunyamula.

Agogo a Pemphero: Achemwali, nenaniponso za fodya. Ine ndinamuona mnzanga ku fizo amene adokotala anachita kumuchonderera.

Thoko (wa fizo): Eya agogo. Mtsempha wa supraspinatus mwachibadwa sulandira magazi ambiri pafupi ndi pamene umagwira fupa, pomwe pamasokedwapo. Nikotini amafinya timitsempha ta magazi, ndiye pamalo pamene pakufunika magazi kuti papole pamafika ochepa. Osuta mtsempha umawakanika kugwira kawirikawiri kuposa osasuta, chimodzimodzinso fupa pa opaleshoni ngati ya a Yamikani. Ndudu zamagetsi zija nazonso zambiri zili ndi nikotini.

Esnart: Pepani kulowerera, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine yanga ndi mwezi wamawa, ndipo ndikuopa. Ndikonzekere bwanji?

Mayi a Tadala: Takulandirani achemwali, mantha amenewo tonse tinali nawo. Yambani lero kuphunzitsa dzanja linalo: kutsuka mano, kudya, kusamba, ngakhale kudzithandiza kuchimbudzi, chifukwa zimenezi anthu sanena koma ndi zimene zimavuta. Pezani zovala zotsegula kutsogolo. Povala mumayamba kulowetsa mkono wodwala, povula mumamalizira womwewo. Zinthu zimene mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse muzitsitse pa mashelefu a m'mwamba. Ndipo mupeze munthu wokhala nanu masiku oyambirira, komanso wokuyendetsani, chifukwa galimoto simungayendetse muli mu sling.

Yamikani: Chinanso achemwali: kawirikawiri amabaya jakisoni wa dzanzi m'khosi, ndiye mumadzuka mkono wonse uli zii, osamva kanthu. Musapusitsike nazo. Dzanzilo limatha pasanathe tsiku, nthawi zambiri usiku, ndipo ululu umabwera mwamphamvu. Imwani mankhwala pa nthawi imene akuuzani, dzanzi lisanathe. Madzi oundana okulunga m'kansalu, mphindi 15 kapena 20, amathandizanso.

Esnart: Zikomo kwambiri. Nanga masewera, ndisiyiretu panopa?

Thoko (wa fizo): Ayi, pitirizani amene sakukupwetekani, makamaka a miyendo, oyenda, ndi omasula phewa. Phewa limene lalowa mu opaleshoni lili lomasuka silivuta kwambiri kulimasula pambuyo pake. Ngati n'kotheka kumanani ndi wa fizo tsiku lisanafike, akuphunzitseni kuvala sling ndi timasewera toyamba mukadali ndi manja awiri. Ndipo mukakaonana ndi adokotala muwafunse zinthu zitatu izi n'kuzilemba: akasoka chiyani kwenikweni, sling mukhala nayo masabata angati, ndi mbali iti imene mkono suyenera kupita. Mayankhowo mwina asintha akaona m'kati, ndiye mudzafunsenso opaleshoni ikatha.